Rauta ya Pamaliro

Kwathu ku komboni ya George maliro akagwa, chilichonse chimayenda: mipando, migolo ya madzi, mbaula, ngakhale tenti ya mpingo wina. Masiku ano rauta, kabokosi kogawa intaneti kaja, nayonso imayenda. Amaichotsa pomwe tinaimangirira n'kupita nayo kunyumba ya maliro kuti abale akutali alire nawo pafoni. Palibe amene amapempha. Ine Victor, wosamalira marauta a kakampani kathu, ndimazidziwa bwino zimenezi, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa mpaka lero.

Kuntchito tili ndi pulogalamu yoganiza yokha imene imalondera marauta onse. Tinaitcha Kapitawo. Lamulo linali loti Kapitawo akaona vuto azinena, koma asasinthe kanthu pa rauta iliyonse munthu asanavomere. Munthu wovomerayo ndinali ine. Foni inkalira ndili m'minibasi, ndili kubafa, ndili pakati pa pemphero. Tsiku lina zinandikwana. Ndinamutsegulira zonse kuti azichita yekha, ndipo sindinauze aliyense.

Patatha milungu itatu, mayi Thandi, amene ndinkayandikana nawo nyumba, anamwalira. Mwana wawo Chrissie amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, ndipo mapepala ake anali atatha. Akanabwera, sakanabwereranso. Anapempha chinthu chimodzi chokha: aone nkhope ya mayi ake bokosi lisanatsekedwe.

Pamene pali nyumbayo netiweki ya mafoni imangokwanira kuimba, vidiyo siyenda. Choncho m'mawa wa tsiku loika, Goliati, mlongo wake wa Chrissie, anakazula rauta ya pa kiyosiki ya madzi n'kuilumikiza pamaliro. Thupi litafika, anthu anandanda kuti aone nkhope. Goliati anakweza foni. Chrissie anaoneka kamodzi atamanga duku lakuda, kenaka chithunzi chinauma.

"Ba Victor, netiweki yachoka," Goliati anandinong'oneza. "Konzani fasiti, basi ya kumanda ilindila."

Nditayang'ana foni yanga, ndinamvetsa chimene chinachitika. Kapitawo anali ataona rauta ikusowa pamalo pake n'kutulukira kwina. Kwa iye, inali yabedwa. Anaitseka, anafufuta zonse za m'kati mwake, kenaka ananditumizira uthenga waulemu wonena kuti katundu watetezedwa.

Kubwezeretsa rauta yofufutidwa si kuyatsa wailesi. Ndinamulanda Kapitawo mphamvu zija, n'kuyamba kulowetsa zonse ndekha. Mzere unandikankha mpaka ndinadutsa pabokosi ngati aliyense, maso ali pafoni. Abusa anawonjezera nyimbo ziwiri. Pa yachitatu, malume awo a malemu anaimirira.

"Thupi siingakhale padzuwa so," anatero motsitsa mawu. "Valani bokosi."

Goliati anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Nyali za rauta zinayaka basi itakhota kale pa msika. Pabwalo panangotsala ine ndi amayi awiri otsuka mbale. Foni yanga inalira, ndipo anali Chrissie, mawu atasasa.

"Ba Goliati sibayankha," anatero. "Imwe ba Victor munabaona bamayo. Benze bwanji pankhope? Benze monga bagona chabe?"

Koma nanenso sindinawaone.