Tsiku limene a Walter anaphika tiyi

Pa kopaletivi yathu ya alimi a fodya ku Chulu tilipo anthu asanu okha, koma misonkhano yake mungayese ya boma lonse la Kasungu. Ine ndine Feliya, wosunga mbewu ndi feteleza m'sitolo. Abwana athu ndi a Kalekeni, munthu wofatsa woti ngakhale mbuzi ikalowa mu ofesi amaipempha kuti ituluke. Alangizi alipo atatu: a Walter, a Benjamin ndi mnzanga Consolata. Atatuwa anaphunzira zofanana, koma ikakwana teni koloko pa msonkhano wa Lachinayi, khosi la abwana linkatembenukira mbali imodzi yokha.

"Mayi Consolata, katiyi kaja tithandizeni. Mayi Feliya, makapu."

Ankanena mwaulemu, mpaka kuwomba m'manja pang'ono. Ukana bwanji? Tinkatuluka kukakoleza mbaula kuseri, ndipo pobwera ndi ketulo tinkapeza nkhani zikuluzikulu zatha. Consolata anapatsidwa makalabu a alimi akutali kwambiri ali kukupiza makala. Mwayi wa maphunziro ku Lilongwe unagwera a Benjamin iye akutsuka masupuni. Palibe ankamuda, ayi. Kungoti nthawi zonse ankakhala kulibe.

Ndiye chaka chino kunabwera njinga yamoto imodzi, yofiira, yoti apatsidwe mlangizi mmodzi. A Walter anayamba kale kuipukuta ndi mpango wawo. Consolata, amene amapalasa njinga mumchenga mpaka bondo kutupa, anandikokera m'sitolo n'kundionetsa kalata.

"Akaitenga a Walter, iyi ndikupereka. Ndikusiya ntchito, Feliya. Bondo langa latopa."

Ndinapsa mtima, komanso ndinachita mantha. Iye akachoka ndiziseka ndi ndani? Ndinamuuza kuti abise kalatayo, andipatse nthawi mpaka Lachinayi.

Unali mwezi wa Febuluwale, kuthyola fodya kuli pachimake. Lachinayi m'mawa tinadzera kuchigafa kwa a Tsoka, mlimi wapafupi ndi ofesi, n'kukhala pansi kuwathandiza kusoka fodya. A Tsoka anadabwa kuti chikondi chimenechi chachokera kuti. Aliyense wa kuno amadziwa utomoni wa fodya wamuwisi: umamata m'manja, umada bii, sopo sauchotsa msanga, ndipo ukagwira nawo chakudya chimawawa. Ife tinachita kufinya masamba dala. Tinakalowa mumsonkhano manja tabisa m'zitenje, tikupewa kuyang'anana kuopa kuphulika.

Teni koloko inakwana. Khosi la abwana linatembenuka.

"Mayi Consolata, katiyi…"

Consolata anatulutsa manja n'kuwaika patebulo. Ine ndinatulutsanso anga. A Kalekeni anachita kubwerera m'mbuyo ndi mpando.

"Pepani bwana, tinali kuchigafa," anatero Consolata, nkhope ili ngati ya mayi wa Mvano. "Tikagwira makapu mumwa fodya."

"Aa, iyayi! Nanga wa manja oyera ndani pano?"

Apa ndi pamene Mulungu anationetsa kuti amakonda akazi. A Walter, amene safuna kupitiridwa pa chilichonse, anakweza manja onse awiri m'mwamba, oyera mbee, osalala ngati a khanda, pakati pa nyengo yothyola fodya! Anazindikira mochedwa. Abwana anali atawapatsa kale machesi.

Chitseko chitatsekeka, a Kalekeni ananena mawu amene ife sitinawamvepo, chifukwa nthawi zonse ankanenedwa titatuluka: "Tiyeni tipitirize, tiyi atipeza. Nkhani ya njinga."

"Imeneyo ndi ya a Walter basi," anatero a Benjamin. "Amayi ndi njinga yamoto, mumchenga muja? Tiwaonongetsa."

Consolata anandipempha kuti ndimutsegulire chikwama ndi nsonga za zala. Ndinadumpha kalata ija n'kutulutsa layisensi. Anaphunzira kuyendetsa pa njinga ya mchimwene wake wa kabaza ku Chamama, zaka zitatu zapitazo. Kenaka anatchula makalabu ake asanu ndi awiri, mmodzimmodzi, ndi mitsinje imene amawoloka atanyamula njinga paphewa. Makalabu a a Walter onse amaoneka ukaima pakhonde la ofesi.

"Koma mayi, bwanji simunanene nthawi yonseyi?" anafunsa abwana, akutembenuza layisensi ija ngati yagwa kumwamba.

"Ndikananena kwa ndani, bwana? Kwa mbaula?"

Kuseri kunkamveka chifuwa cha a Walter ndi kukupiza kwa katoni. Abwana anati njinga ndi ya Consolata, a Benjamin anagwedeza mutu, ine pansi pa tebulo miyendo ikuvina yokha.

Kenaka analowa a Walter. Maso ofiira psuu, shati yawo yoyera ili ndi mwaye mpaka kolala, masamba a tiyi akuyandama m'madzi ofunda chabe. Anakhala pansi n'kupuma.

"Eya, tsopano tiyambe za njinga."

"Tatha kale," anatero a Benjamin.

"Mwatha? Mwagamula ine kulibe? Ine ndili kutsokomola utsi, kuphikira inu tiyi, inu n'kumagawana zinthu? Chilungamo chake chiti chimenechi!"

Ine ndinalephera kudzigwira. Ndinaseka mpaka misozi, n'kupukuta maso ndi dzanja la utomoni, ndiye misozi inasanduka yeniyeni. Koma nditapenya ndi diso limodzi ndinaona kuti Consolata sakuseka, ndipo abwana akumuyang'ana.

"Zaka zingati mukuphika tiyi, mayi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Zinayi." Kenaka Consolata anatembenukira kwa a Walter. "Khazikani mtima pansi, achimwene. Tiyambirenso nkhaniyi inu muli pano. Zimawawa, ndikudziwa."

Tinayambiranso. A Walter anamva za makalabu ndi mitsinje ija, anayang'ana manja awo, ndipo anatulutsa okha makiyi a njinga amene anali atasunga kale m'thumba. Tiyi wawo tinamwa tonse, woipa chomwecho, ndipo sindinamwepo tiyi wokoma ngati ameneyo. Madzulo ake Consolata ananditenga kumbuyo kwa njingayo, tinadutsa pachigafa cha a Tsoka ndikuimba nthungululu, nkhuku zikubalalika.

Tinagwirizana kuti tiyi tiziphika mosinthana, ndipo wophikayo akatuluka msonkhano uziima. Lachinayi lotsatira inali nthawi ya abwana eniake. Anagwada pambaula, makala akukana kuyaka, n'kupempha kapepala koyatsira. Consolata anatsegula chikwama n'kuwapatsa kalata ija.

A Kalekeni anaitambasula, n'kuiwerenga mpaka pansi. Kenaka anaipinda bwinobwino, anaiika pansi pa makala, n'kuyatsa machesi. Ife anayi tinaima pakhonde kuwadikira mpaka madzi atawira.