Bokosi la a Gray ku Shopu ya Tisitima

Patangopita milungu itatu chiikireni maliro a amuna anga a Gray, alamu anga a Overtone anandiimbira foni ndili m'basi ya ku Dudley, kuno kwa azungu, ndikuchokera ku shifiti.

"Alamu, azungu a ku shopu ija akubisa katundu wa achimwene. Ndapitako ndekha, andikaniza. Agulitsa amenewo, muona."

Shopu yake ndi ya tisitima, tindege ndi tinyumba tomata ndi guluu. Loweruka lililonse a Gray amakatha tsiku kumeneko. Bambo wa imvi kumutu, kukaseweretsa tizidole! Ndinkalongolola mpaka kukhosi kuuma. Kwathu tili ndi chipinda chimodzi basi, ndiye zinthu zawo amazisiya kushopu komweko. Chomwe ankapanga sindinachionepo, komanso sindinkafuna. Koma kubera munthu wakufa, ayi. Chimenecho sindingalole.

Loweruka ndinavala zakuda zanga ndi kupita. Nditangokankha chitseko, kabelu kanalira, fungo la penti n'kundilandira. Mdala wina wa magalasi anadzuka kuseri kwa tebulo.

"Ndinu a Mabel," anatero m'Chingerezi. "Ine ndine Rowland, uyu ndi mwana wanga Jade. Pepani kwambiri ndi zovuta."

Dzina langa walitenga kuti? Jade anabwera ndi mpando, n'kufunsa ngati ndimwe tiyi. Ndinakana zonse ziwiri. Munthu akafulumira kukupatsa mpando, dziwa kuti pali chomwe akukubisira.

"Sindinabwerere tiyi. Katundu wa amuna anga ali kuti?"

"Alipo. Koma tione kaye khadi yosonyeza dzina lanu."

Ndinaphulika. Chizungu changa n'chothyokathyoka, koma tsiku limenelo chinayenda. Ndinawauza kuti ine ndasambitsa a Gray m'chipatala mpaka tsiku lomaliza, lero ndikufunsidwa khadi ngati wakuba? Makasitomala awiri amene amasankha penti anatuluka mwakachetechete. Mdala uja sanakwiye, sanandidule mawu. Anangodikira. Nditatopa ndinaponya baji ya kuntchito patebulo.

Anaiwerenga, n'kulowa kuseri, n'kubwera ndi bokosi lalitali ngati sutikesi. Pachivundikiro panali zilembo zopendekeka za a Gray: MABEL YEKHA.

"Lamulo lathu ndi limenelo," anatero Rowland. "Aliyense wosunga zinthu kuno amalemba dzina la woyenera kudzatenga. Anabwera bambo wina kawiri. Koyamba anati ndi mng'ono wawo, ndipo kwanu katundu wa malemu amatenga ndi abale a mwamuna. Kachiwiri anafunsa kuti injini ya kasitima kawo ingagulitsidwe bwanji."

A Overtone! Omwe aja anatenga kale jekete ndi wotchi ya malemu maliro asanathe n'komwe. Komabe sindinafune kupusitsidwa kawiri. Mawu okoma ndimawadziwa, ku ejensi ya ntchito anandidyetsa ambiri.

"Tsegulani. Ndiwerenge ndekha."

M'kati mwa chivundikiro munali pepala lomata. Jade anati Loweruka lililonse munthu akamachoka amachonga limodzi zonse zimene wasiya. Ndinayamba ndi chala changa. Injini imodzi, ilipo. Mabogi atatu, alipo. Kanyumba ka siteshoni kopanda denga, mitengo isanu ya mango, timabenchi tiwiri. Mzere womaliza unati "munthu mmodzi". M'bokosi munalibe munthu.

"Ehee! Ndimadziwa ine! Ali kuti?"

Jade anayang'ana bambo ake, n'kupita pa shelefu ya pafupi ndi windo. Anabwera atafumbata kanthu ngati wagwira dzira.

"A Gray anakapenta Loweruka lawo lomaliza. Penti inali yaiwisi, ndiye anati tikaike apa kaume. Titamva uthenga sitinafune kukakhudzanso."

Kanali kamzimayi kotalika ngati njere ziwiri za chimanga. Duku lofiira, chitenje chobiriwira, manja m'mwamba. Pambali pake kalichero ka nthochi kosamatidwa. Ndinayang'ananso kanyumba kaja. Pakhoma analembapo NKAYA ndi tizilembo toyera. Ndi pa siteshoni imeneyo pomwe ndinkagulitsa nthochi pa mawindo a sitima, ndili mtsikana, ndipo mnyamata wina wa ku Limbe anagula phava lonse kuti angondifunsa dzina.

"Mphuno yonseyi ndi yanga ine?" ndinatero. "Zaka zonsezi munthu samandiona?"

Rowland anaseka pang'ono. "Anaipenta kanayi. Amati mukadzaona mudzawakalipira basi."

Ndinakhala pa mpando uja. Kenako ndinatulutsa foni.

"Alamu, ndili ku shopu. Akuba aja ndawapeza."

"Mwaona? Ndimanena ine! Tengani bokosilo, ndibwera ndikusungireni."

"Wakubayo ndi mmodzi, ndipo wavala wotchi ya amuna anga. Mukadzapondanso pano, nkhani yonse ndikaifotokoza kutchalitchi, pamaso pa akazi anu."

Ndinadula asanatsegule pakamwa.

Rowland anafunsa ngati aitane takisi ya bokosilo. Ndinaganiza za chipinda changa, ndi makiyi a chipindacho amene a Gray anawapatsa a Overtone kalekale.

"Likhale konkuno. Koma mlungu uliwonse ndizibwera kudzawerenga, ndipo kakangosowa kamtengo kamodzi, mundidziwa."

"Mlungu uliwonse," anavomera. "Dengalo tikhoza kukumalizirani ife, ngati mukufuna."

"Musakhudze."

Sanaumirire. Anangondiikira patsogolo kachitsulo kopanira ndi kabotolo ka guluu, n'kundionetsa kuti kadontho kamodzi ndi kokwanira. Lichero linandigwa katatu. Kachinayi linakhala pamutu, lopendekeka, monga momwe ndinkasenzera.

"Tiyi uja," ndinamuuza Jade, "shuga atatu. Ndipo uthire ndikuona."