Kabowo ka pa Thanki ya Oilo

Anthu amati ine Zefaniya ndili ndi mtima wapachala, ndipo sanama ayi. Koma tsiku limene thirakitala inandichita chipongwe ku Ligowe, mu 1983, pakamwa pangapa ndinatseka ndekha.

Kathirakitalako kanali kakang'ono, kumbuyo kwake kuli mkono wachitsulo wokumbira ngalande. Anakabweretsa kuti tikumbe modutsa mapaipi a madzi. Woyendetsa ndinali ine, makaniko ndinenso. Lachisanu limenelo kunkabwera nduna kudzaona mkonowo ukukumba pamaso pa anthu, ndiye Lachinayi a Malizani, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, anandiitanira pambali.

"A Zefaniya, chinthu chanucho mawa chisatichititse manyazi. Mukumukumbukira mphunzitsi wa chimkuzamawu uja?"

Akanaiwala ndani? Chimkuzamawu chinazima mkulu wina ali mkati molankhula, basi anati mphunzitsi amene ankachiyang'anirayo wachita dala, ndi woukira boma. Inabwera Landirova kudzamutenga. Panali patapita zaka ziwiri, mkazi wake asanauzidwe kumene mwamuna ali.

Masana a Lachinayi lomwelo amayi anasesa bwalo, kupaka laimu miyala ndi mitengo, mpaka kutsuka thirakitala yanga ine nditapita ku Boma kukatenga dizilo. Mkazi wanga Yunike analinso komweko, atavala mpango wake wachikasu wa madontho akuda umene ndinamugulira ku Blantyre. Ligowe yense panalibe wina anali nawo wotero, ndipo ankayenda nawo monyada zedi.

Lachisanu cha m'ma teni ndinaliza injini kuti ndiyese. Mkono unatapa dothi kamodzi, kawiri, bwinobwino. Kachitatu pampu inayamba kulira kulira kwina, kosongoka, kolasa m'mano. Mkono unanjenjemera, kenaka unangoima m'malere, dothi likukhuthuka pang'onopang'ono. Mayo ine!

Mkono umenewo umayenda ndi oilo amene pampu imakankha m'mapaipi, ndiye ukafooka umayamba wafunsa oiloyo. Ndinasuzumira pa kagalasi ka pa thanki: oilo wodzaza, koma ali thovu lokhalokha. Ndinazimitsa injini n'kulondola mapaipi limodzilimodzi. Palibe lodontha, palibe lopindika. Ndinamasula sefa, yoyera, popeza ndinali nditaisintha sabata yathayo. Ndinamangitsa zomangira zonse za paipi yopita ku pampu mpaka sipanala kundisupula chala. Kuliza injini, yomweyo nyimbo ija.

Apo n'kuti anthu atadzaza bwalo, amayi akuyeserera nyimbo zolandirira alendo. A Malizani anafika ndi amuna awiri a malaya ofiira, n'kuima kumbuyo kwanga. Ankangoyang'ana wotchi, kenaka ine, kenaka msewu wochokera ku Boma. Kunena zoona ndinkaopa.

"Yadwala, eti?" anatero a Malizani potsiriza. "Dzulo inali bwinobwino. Yasankha lero."

Chinatsala n'chimodzi, chivundikiro cha thanki. Nditachipotokola ndinamva psiii, mphepo ikuthamangira mkati. Basi ndinadziwa. Thanki ya oilo imafunika kupuma. Pa chivundikiropo pali kabowo kakang'ono kolowera mpweya, ndipo kakatsekeka pampu imakoka oilo osabwera, n'kumalira ndi njala thanki ili yodzaza.

Ndinatembenuza chivundikirocho m'manja. Kabowoko kanali kotsekedwa mwaluso, kansanza kolowetsedwa bwino ndi kamtengo, pamwamba atamata phula. Ndinakanda phulalo ndi chikhadabo. Kansanzako kanali kachikasu, ka dontho lakuda.

Ndi mmene Yunike amatsekera ndowa ikabooka. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikumuona akuchita zimenezo pakhonde. Ndinakumbukiranso mawu ake adzulo, akundipatsa madzi osamba: "Abambo a Clara, galimoto yanu ndaisamala ine. Madzi sanalowemo ngakhale dontho." Mkazi wachifundo uja anaona kabowo, n'kuganiza kuti chitsulo cha mwamuna wake chabooka.

"Mwapezamo chiyani?" anafunsa a Malizani, akusendera pafupi.

Ndinaika chivundikiro kukamwa ngati ndikuuzira fumbi. Ndinaluma kansanzako ndi mano, kukasolola, n'kumeza pamodzi ndi phula lake. Kuwawa kwa oilo ameneyo ndimakumvabe pakhosi mpaka lero.

"Palibe, bwana."

Ndinabwezera chivundikiro, n'kuliza injini. Pampu inangong'ung'udza pang'ono, thovu likutha, kenaka inakhala chete. Mkono unatambasuka, unatapa dothi, n'kukalitula pambali mwaulemu. Nduna itafika cha m'ma wani ndinakumba ngalande yowongoka bwino, amayi nthungululu, alendo m'manja. Ine ndinati basi ndapulumuka. Uchitsiru wangawo!

Magalimoto a alendo atangochoka, a Malizani anabweranso ndi amuna awiri aja. Landirova imodzi inali isanachoke, itaima pansi pa mtengo wa mango, injini ikulira.

"A Zefaniya, makina sadwala okha n'kuchira okha. Apa pali dzanja la munthu amene amafuna kunyozetsa boma. Ngati munapezamo kanthu tionetseni, mwini wake timupeza ife." Anatembenuka n'kuyang'ana kumene amayi ankasonkhanitsa mabenchi. "Dzulo ambiri anaigwira thirakitalayi. Tikhoza kuwafunsa mmodzimmodzi."

Yunike akanafunsidwa akanayankha mosangalala kuti ndine, ndinatseka kabowo. Sadziwa kunama mkazi ameneyo. Ndipo kunyumba kunali Clara, wa miyezi isanu ndi umodzi, woyamwa.

"Amayiwo anangotsuka matayala," ndinatero. "Ku oilo kulibe amene amagwirako koma ine ndekha."

"Ndiye kuti mwavomera."

Amuna awiri aja anandigwira mikono uku ndi uku, ndipo anthu onse pabwalopo anapeza poyang'ana pena. Kundende ndinakakhalako zaka zitatu ndi miyezi iwiri, mano a kutsogolowa ndinawasiya komweko, koma zimenezo si za lero.

Akundikweza mu Landirova muja, Yunike anabwera akuthamanga, akufuula kuti abambo a Clara alakwa chiyani, thirakitala yakumba bwinobwino aliyense akuona. Mpango uja unali kumutu, nsonga yake yong'ambika ikulendewera pakhosi, a Malizani ali pomwepo. Ndinasonkhanitsa ukali wanga wonse umene anthu amandidziwa nawo.

"Choka apa iwe! Chimpango chong'ambikacho ukundichititsa nacho manyazi pagulu. Kachitenthe lero lomwe, wamva?"

Amuna a malaya ofiira anaseka. Yunike anaima, misozi ili mbwembwembwe, poti chikwatirane ndinali ndisanamunenepo kuti iwe pa anthu. Dzanja lake linakwera lokha kukagwira pong'ambika paja. Anayang'ana thirakitala, n'kuyang'ana ine, ndipo kulira kuja kunaduka. Chitseko chikutsekedwa ndinamuona akuvula mpangowo msangamsanga, n'kuufumbata m'dzanja.