Mkamwini Wolosera Zigoli

Bodzalo silinali la Geofrey, linali la Rumbidzai. Ndiye anauza malume ake kuti chibwenzi chake ndi data analisti, munthu wosanthula manambala n'kuuza mabwana za mawa. Zoona zake n'zakuti Geofrey ankakhala m'kachipinda kuseri kwa malo ogulitsira matayala ku Silverton, akulemba pa kompyuta, mu Excel, matayala olowa ndi otuluka. Maphunziro a pa intaneti anali atangoyamba kumene.

"Ndiye ndikanati chiyani? Kuti umakhalira kununkha labala?" anatero Rumbidzai pa foni. "Malume akubwera lero kudzaona okha. Akapanda kukhutira, ankhoswe ako asavutike n'kubwera komwe. Eish, vala malaya oyera, wamva?"

A Zakeyu, malume akewo, anabadwira ku Harare, koma mwambo wa kwa makolo awo ku Dedza ankaugwira kuposa eni ake a ku Dedza. Mwana wa mlongo wawo sakanakwatiwa iwo asanaone ndi maso awo kumene mwamunayo amapezera chakudya. Mkati mwa sabata ankasamalira maluwa ku Garsfontein. Lamulungu anali mkulu wa mpingo, wodziwika ndi ulaliki wokalipira mowa ndi juga mpaka thukuta kamukamu.

Anafika masana atavala suti, Baibulo kukhwapa. Geofrey anawapatsa moni ndi manja awiri, anawasiyira mpando wokhawo umene unalipo, iye n'kukhala pa tayala. Kenako anayamba kuwaonetsa zithunzi za mizere yokwera ndi yotsika, kulikonse kumene akanaika mtundu wofiira ataikako.

"Ntchito imeneyi ili ndi tsogolo, malume. Mabanki amafuna anthu otere, a inshuwalansi, zipatala, ngakhale masitolo aakulu a m'tauni. Munthu umayamba ndi Excel, kenako SQL, kenako..."

A Zakeyu anakweza dzanja. Anadzuka, anasuzumira panja, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Geofrey anayang'ana chitseko chotsekedwacho. Basi amugwira. Anaona kale Rumbidzai atavala velo, pambali pake pali mwamuna wina wokhala ndi ofesi yeniyeni.

Mkuluyo anakokera mpando pafupi mpaka mawondo awo anagundana.

"Iwe mphwanga," ananong'ona, "akuti umayang'ana manambala akale n'kudziwa zimene zichitike."

"Penapake, malume."

"Timu ya Sundowns ichinya zigoli zingati Loweruka?"

Geofrey anayang'ana Baibulo lija, kenako mwini wake.

"Usandiyang'ane ngati ndapha munthu! Ndimangoyesa kubetcha pang'ono pa foni. Koma Satana wakhala akundidyera sabata iliyonse, ndiye ndati mwina Mulungu wanditumizira mkamwini."

Yankho linali pamilomo. Akanangoti ziwiri, mwina n'kulondola, Rumbidzai n'kukhala wake. Koma kenako? Loweruka lililonse mpaka imfa, banja lake likanadalira mwendo wa anyamata osawadziwa n'komwe. Goloboyi akangoterereka, mkazi n'kulongedza.

"Malume, ine ndimalemba matayala," anatero. "Zolosera ndikuphunzira kumene. Ndipo ngakhale nditamaliza, ndingakuuzeni mwezi umene anthu amagula matayala ambiri. Za mpira ayi."

Kunja makina omangira mawilo ankalira, anyamata akukuwizana m'Chisepedi, chilankhulo cha kumeneko.

"Ndiye kuti sindiwe analisti."

"Sindinafike. Koma ndifika."

Mkuluyo anaimirira, anasasa suti yake, n'kugwira chitseko. Geofrey ankangomva ngati akumuchotsa mpweya. Koma chitseko sichinatseguke. A Zakeyu anatembenuka, maso atachepa.

"Zimene ndalankhula muno, wazimva?"

"Zonse, malume."

"Ungaziiwale?"

"Ndiyesetsa. Koma mutu wangawu sutaya zinthu msanga. Komanso Lamulungu lino ndimafuna ndikayambe kupemphera kumpingo kwanu."

Anayang'anizana. Pakamwa pa mkulu wa mpingo panagwedera, osadziwika ngati akufuna kutukwana kapena kuseka.

"Ndiwe mfiti, iwe."

"Zikomo, malume."

"Munthu wodziwa zoterezi sindingamusiye kunja kwa banja, angayambe kuyenda nazo m'matekisi. Uwauze ankhoswe ako abwere. Ndipo Rumbidzai akafunsa, ndaona ofesi yaikulu, ya makapeti."

Anatsegula chitseko, anakonza Baibulo kukhwapa, n'kutuluka akudalitsa mokweza aliyense amene anakumana naye.