Kansalu Kofiira pa Nsungwi

Pamene ankamutsitsira Eneless m'boti, ali pa machira, dzuwa linali litangokwera pamwamba pa mitengo ya tsidya. Mwamuna wake, Bornwell Goma, ndiye anali woyendetsa boti la kiliniki, ndipo anali ataliza kale injini. Sisita Immaculate, namwino wochokera ku Kitwe, anakoleka botolo la diripi pa chitsulo cha pamwamba.

"Magazi sakuleka, ba Bornwell," anatero motsitsa mawu. "Mwana akali moyo, koma pano sindingachite kanthu. Ambulansi yanyamuka kale ku Chama, itipeza pa doko."

Ku Chifunda mvula ikagwa misewu imaduka, ndiye wodwala amayenda pa Luangwa ola lathunthu kuti akafike pomwe galimoto imalekezera. Ndipo botilo silinapangidwire ntchito imeneyi ayi. Mzungu wina wa kampu ya alendo analisiya ngati mphatso pobwerera kwawo. Akuti ku Kariba linkakoka anthu okhuta, ataimirira pa thabwa, akuseka, ndipo chitsulo chomwe Sisita anakolekapo diripi n'chomwe ankamangapo chingwe cha masewerawo. Kukongola linali lokongola, liwiro osanena, koma chilema linali nacho. Maboti ena injini imapachikidwa kumbuyo, madzi akachepa umangoipendeketsa n'kudutsa. Ili injini inali m'mimba, pulopela yokankha madzi ili pansi penipeni, yosakwezeka. Kungogunda chitsa kamodzi, basi, boti lagona mpaka chitsulo china chichoke ku Lusaka, ndipo umenewo si ulendo wa sabata imodzi.

N'chifukwa chake kutsogolo kwa boti kunkaimirira a Jethro, bambo amene anakalambira pa bwato akuwolotsa anthu. M'manja munali nsungwi yaitali, ndipo pa msinkhu wa m'chiuno anamangapo kansalu kofiira. Akaipisa nsungwi mpaka pansi kansalu n'kumira, njira ilipo. Kakatsalira pamwamba, lamulo linali limodzi: injini izime, amuna atsike akoke boti ndi manja. Lamuloli analikhazikitsa ndi Bornwell mwini wake, ndipo ankalisunga mouma mutu.

Mwa onyamula machira, amene analowa nawo m'boti anali Adam Zimba. Mwezi wapitawo amayi ake anatsirizikira m'boti lomweli, injini itazima, Bornwell ali m'madzi kukoka. Pa maliro Adam ananena anthu akumva kuti Bornwell amakonda chitsulo kuposa munthu, ndipo chiyambire awiriwa sanapatsanenso moni. Mmawa umenewu anangokumana ndi machira akudutsa pa njinga, ndipo kwathu kuno machira sawapitirira. Anatsamiritsa njinga pa mtengo n'kugwira mbali yake, osamuyang'ana Bornwell kumaso.

Unali mwezi wa Epulo, madzi atayamba kuphwa. A Jethro ankapisa nsungwi n'kuizula, kupisa n'kuizula.

"Alipo," ankatero. "Alipo. Khotera kumanja pang'ono. Alipo."

Bornwell ankamva mawuwo ngati akuchokera kutali. Maso ake ankathawira kwa Eneless, amene milomo inali itatuwa, dzanja litafinya chitenje cha Sisita. Zaka zisanu ndi chimodzi anali akudikira mwana ameneyu. Mantha anamugwira, ndipo kwa nthawi yoyamba anadana nayo nsungwi ija.

Atafika pa Mlambe, pomwe mtsinje umatambasuka madzi n'kuoneka osalala ngati alibe mlandu, a Jethro anapisa nsungwi n'kutembenuka.

"Kaoneka."

Injini inapitiriza kulira.

"Ndati kaoneka, Bornwell."

"Dzana ndinadutsa pompano, panalibe kanthu."

"Luangwa wa dzana si wa lero, mwanawe. Usiku umodzi amasamutsa munda wathunthu, ndiye alephere chitsa? Zimitsa."

Eneless anabuula. Bornwell anakankha chogwirira cha moto, boti linadzutsa mphuno, ndipo a Jethro anagwa chokhala, nsungwi ili m'mwamba. Pamenepo dzanja linadutsa pa phewa la Bornwell, n'kupotokola kiyi, n'kumuzula. Phokoso lonse linatha. Boti linayenda pang'ono lokha, kenako linaima.

Anali Adam. Kiyi anali m'chibakera chake.

"Bweretsa," anatero Bornwell. "Ukufuna kubwezera pa mkazi wanga?"

"Ndikanafuna kubwezera ndikanakusiya ugunde."

"Adam, akufa uyu."

"Ndikuona. Nanenso ndinakuuza mawu omwewo, pamalo pompano. Unandiyankha kuti chiyani?"

Adam anadziyankha yekha.

"Unati boti ili si la munthu mmodzi. Unati likathyoka pano tonse tigona pa mchenga, ndipo wodwala wa mawa adzafera kunyumba. Ndinakutukwana, koma usiku uliwonse ndimadziuza kuti mwina unanena zoona, kuti ndipeze tulo." Adam anamuyang'ana kumaso. "Amama anafera lamulo lako. Manje ukaliphwanya lero chifukwa ndi wako, ndiye kuti anafa chabe."

"Ba Bornwell," anatero Sisita osadzutsa mutu, "kaya muliza kaya mukoka, chitani manje. Mukudya nthawi yake."

Adam anaponya kiyi m'thumba la malaya, anavula nsapato, n'kuyamba ndi iye kutsika. Madzi anamulekeza m'ntchafu. Bornwell anatsatira, misozi ikutsika osaipukuta. Anagwira chingwe cha kutsogolo awiriwo, a Jethro akumenya madzi ndi nsungwi uku ndi uku kuti ng'ona zitalikire.

Sanayende mapazi makumi awiri, Bornwell anagunda msongolo pa chinthu cholimba mpaka anagwada. Anapapasa ndi manja. Unali mtengo wa msikizi wathunthu, wogona chopingasa, nthambi zake zitabisala pansi pa madzi odera, ndendende pomwe iye analozetsa mphuno ya boti. Anadzutsa maso n'kupeza Adam akumuyang'ana.

Analizungulitsa boti kumizu ya mtengowo pang'onopang'ono, Bornwell atapisa dzanja kunsi kuti amve ngati pulopela ikukhudza. Zinawatengera mphindi makumi awiri. Kansalu katamira, Adam anatulutsa kiyi n'kumupatsa.

Pa doko ambulansi inali itafika. Eneless anamukweza akupumabe, ndipo anatsegula maso n'kumufunafuna mwamuna wake. Bornwell anali ataponda kale pa khomo la galimoto pamene Sisita anamugwira mkono.

"Ku kiliniki kwatsala azimayi atatu oyembekezera, ndipo woyendetsa boti ndinu nokha. Ndidzakuimbirani."

Anakhala pa doko amuna atatuwo, pansi pa mtengo pomwe foni imagwira. Bornwell anati sachoka asanamve. Mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anawapatsa chimodzichimodzi, koma cha Bornwell chinazizirira m'manja. Foni inalira dzuwa litapendeka.

"Eneless ali moyo," anatero Sisita. "Amuika magazi, adzachira." Kenako anapitiriza. "Koma mwana sanakhale moyo, ba Bornwell. Anali mwamuna."

"Tikanafika msanga?"

"Sindidziwa. Ndikanadziwa ndikanakuuzani."

Bornwell anaika foni pa mchenga. Adam anali atamva zonse.

"Funso limenelo usalifunsenso," anatero. "Ine ndalifunsa mwezi wathunthu, palibe amene ali ndi yankho."

Bornwell anaimirira n'kulowa m'madzi kumbuyo kwa boti. Anagwada mpaka madzi anamufika m'khosi, n'kupapasa pulopela monga ankachitira pakutha pa ulendo uliwonse. Masamba onse anayi anali osalala, opanda ngakhale kachipsera. Anaigwira choncho nthawi yaitali, akulira, ndipo anzake aja anayang'ana kumbali kuti amupatse malo.

Asananyamuke, a Jethro anadula mtengo wautali wa tsanya, ndipo Adam anapempha thumba loyera la feteleza kwa mayi wa chimanga uja. Anati akamanga thumbalo pa mtengowo n'kuuzika pa msikizi womira uja kuti aliyense wodutsa aziuona patali.

Pobwerera a Jethro anaimiriranso kutsogolo ndi nsungwi yawo. Alipo. Alipo. Atayandikira pa Mlambe anapisanso, ndipo kansalu kofiira kanatsalira pamwamba pa madzi. Asanatsegule pakamwa, Bornwell anali atazimitsa kale injini.