Fyuzi M'thumba mwa Achemwali

Kwathu lamulo ndi limodzi, ndipo bambo analikhazika manja awo asanayambe kunjenjemera: wina akakwera m'siling'i, fyuzi yaikulu imazulidwa n'kulowa m'thumba mwa mkulu wa ntchito. Situluka mpaka wokwerayo ataponda pansi.

Bambo atadwala, thumbalo linakhala la ovololo ya achemwali anga. Amalume sizinawakomere. Iwo ndi a mipope ndi maloko, magetsi amawaopa ngati apongozi, koma makiyi a galimoto ya kampani ankawalota ndi masana omwe.

"Ntchito ya kubekale ikakukanika, makiyi undipatse," anatero pamaso pa bambo. Achemwali anangoti chabwino.

Bekaleyo inali ntchito yathu yaikulu yoyamba: kusintha mawaya onse akale. Ine ndinali m'siling'i, chafufumimba pakati pa ndowe za makoswe, waya wosenda m'manja, pamene mwini bekale analowa akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Yatsani! Mtanda wafufuma, ukusefukira m'mabeseni!"

"Tinagwirizana kuti lero simukanda," anatero achemwali.

"Ndasintha maganizo. Bekale ndi yanga."

"Ndipo ali m'mwambamo ndi mlongo wanga. Buledi wake mumugulitsa bwanji akapsa?"

Ndinasuzumira pachibowo. Amalume anali atayamba kale kupukusa manja. "Mwana wa mlongo wanga, bwanawa ndi kasitomala. Kamphindi chabe. Uyo angokweza manja, asagwire kanthu."

"Amalume," ndinakuwa, "kwerani mudzakweze anuwo, kuno malo alipo!"

Sanakwere.

Mwini bekale anatola kachidutswa ka waya pansi, n'kulunjika kubokosi la magetsi kuti alumikize yekha pamene panali fyuzi. Achemwali anafika msanga. Anatsamira chitseko cha bokosilo, n'kupinda manja.

"Choka apo, mtsikana iwe."

"Ndinyamuleni."

Munthu uja anawayeza ndi maso. Achemwali amanyamula okha jenereta. Munthuyo anataya waya uja.

"Ntchito yatha! Longedzani!" anakalipa mwini bekale.

Ndinakulunga mawaya onse ndi tepi, pang'onopang'ono ngati ndikuveka khanda, n'kutsika. Mtanda unali utafika pansi, ukuyenda wokha kulowera kukhomo. Tinaudumpha.

M'galimoto amalume ankaimba kamluzu. Titafika kunyumba sanadikire n'kuti tisambe m'manja.

"Alamu, ntchito yapita. Mwana wanu watukwanitsa kampani. Makiyi aja."

Bambo anali pakhonde, bulangete pamiyendo. Sanawayang'ane amalume. Anayang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ngati akuwerenga ziwalo.

"Fyuzi inali kuti?"

"M'thumba, bambo," anatero achemwali, akumenya thumbalo kuti awaonetse. Munalira kanthu kolimba.

Achemwali anapisa dzanja, n'kutulutsa fyuzi ya kubekale. Dzanja linazolowera kuibweza ine ndikatsika n'kunena kuti ndamaliza, ndipo mawu amenewo sindinawanene.

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Fyuzi ya mtundu wakale umenewo m'sitolo simungaipeze. Inatha pamodzi ndi mawailesi a matabwa.

"Thamanga ukabweze, upepese!" anatero amalume.

"Mwini bekale njira yobwera kuno akuidziwa," anatero achemwali. "Adilesi yathu ili pachitseko cha galimoto."

Madzi a tiyi asanawire, kugeti kunalira hutala. Mwini bekale anatsika, ufa mpaka m'nsidze, chipewa m'manja.

"Mkulu wa ntchito alipo?"

Amalume anadzuka, akukonza kolala.

"Khalani pansi, alamu," anatero bambo. "Akufuna wa fyuzi."