Madzi Osowa pa Khoma la Manda

"Iwe Senbi, wawabera bambo madzi awo. Ukuyesa ine sindidziwa kuwerenga?"

Wahka analankhula ataima pakhomo pa manda osemedwa m'phiri, thupi lake litatchinga kuwala. Mng'ono wakeyo, amene banja linamutuma kulemba khoma la manda a bambo awo, sanatembenuke. Anapitiriza kutakasa utoto m'chigoba.

Pakhomapo, m'kalembedwe kawo ka zithunzi, panali mkono wonyamula mkate, kutanthauza kupatsa, kenako kamunthu kokhala pansi, kutanthauza "ine". Pakati pake pamayenera kukhala kamzere kokhotakhota ngati mafunde a madzi. Kakakhalapo, mawuwo amati "ndinapatsa anjala mkate", zinachitika, zinatha. Kakasowa amati "ndipatse anjala mkate", zimene munthu akungozilakalaka. Senbi anasiyapo danga.

"Sindinaiwale, achimwene."

"Ndiye n'chiyani, misala? Manda onse a m'phiri lino amalembedwa choncho. Ngakhale uja ankalanda abulu a amasiye, khoma lake likuti anali tate wawo."

"Ameneyo sanandibereke."

Senbi ankawakonda bambo ake. Ndi iwo amene anamugwira dzanja ali mwana, kumuphunzitsa kukhotetsa kamzere komweko. Koma ankakumbukanso chaka chimene mtsinje sunasefukire kuti unyowetse minda, njala n'kugwa. Bambowo, pokhala woyang'anira nkhokwe za mzinda, anamata zitseko ndi dothi n'kudindapo chidindo chawo. Amayi a kutsidya ankafukula mizu ya gumbwa kuti ana atafune, pomwe Senbi kunyumba ankadya n'kukhuta. Kukhutako n'kumene kunkamuwawa mpaka tsiku limeneli. Kodi kamzere kamodzi kangasandutse nkhokwe yotseka kukhala yotsegula? Mawu a pakamwa amauluka ndi mphepo, koma a pakhoma amatsagana ndi wakufa, ndipo kumene akupitako akamufunsa za mawu omwewo. Senbi sanafune kuwatumiza bambo ake ndi bodza lolembedwa ndi dzanja la mwana wawo.

"Maliro ayandikira," anatero Wahka, mawu atatsika. "Ukufuna odutsa aziwerenga kuti bambo akungolonjeza, ngati mwana amene amati ndisamba mawa? Lemba madziwo, mphwanga. Apo ayi ndiitana mlembi wina, ndipo dzina lako silioneka pakhoma pano pakati pa ana awo."

Senbi anaika chigoba pansi. Anadziwa kuti mkulu wakeyo sanena zongoopseza, ndipo mwana wosalembedwa pamanda a bambo ake ali ngati sanabadwe.

"Chaka chinonso mtsinje wabwera wochepa," anatero Senbi. "Chidindo cha bambo chili m'khosi mwanumo, barele wawo akadali m'nkhokwe. Monga mawuwa alili, bambo akupempha kuti apatse. Tsegulani m'dzina lawo, anthu adye, ndipo ine ndidzalemba madziwo ndi mtima woyera, chifukwa adzakhala atapatsadi."

Wahka anagwira chingwe cha chidindocho, maso ali padanga lija.

"Khomalo silikuthandizani, achimwene. Mutsegula kapena simutsegula? Ndiyankheni."